Lilime la Achimwene

Tandiuzeni inu odziwa zinthu: n'chiyani chimalowa pamoto chili chotuwa, n'kutuluka chitafiira, n'kudzutsa msewu wonse osakuwa? Mukalephera musadandaule. Achimwene ake a Kaufa nawonso chinawagwetsa, chonsecho anakulira m'fungo lake.

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo awo, wophika buledi wa pakona uja. Kaufa, mwana wotsiriza amene ufa sunkachoka m'nsidze zake, ankapukuta mathireyi. Achimwene akewo, amene anachoka pakhomo zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, anali kalikiliki kuyeza uvuni ndi chingwe.

"Ikwana bwinobwino m'lole," anatero. "Kumene ndimakhala kuja anthu akudya thonje, ati buledi. Ndikawaphikira wa bambo weniweni."

"Nanga msewu uno udzadya chiyani?" anafunsa Kaufa. M'maganizo mwake munali agogo a nyumba yachitatu, amene samwa tiyi mpaka buledi wotentha atafika.

"Iwe usavutike nazo, mlongo wanga. Luso bambo anasiyira ine. Buledi wa pano ndingamuzindikire ngakhale ndili m'tulo. Mpaka lero ndimamulota, fungo lija likutiperekeza kusukulu."

Amayi ankangoyang'ana ali pampando wa malemu. Koma azakhali, mlongo wake wa malemuyo, anaika kapu pansi.

"Tisakangane, ana inu. Liweruze lilime. Mukamudziwa buledi wa pano, bwana, uvuni nyamulani. Mukaphonya, ikhala pomwe ilipo."

"Basi? Zimenezo zokha?" anaseka achimwene.

Azakhali anawamanga mpango kumaso, n'kupita kukhitchini, n'kubwera ndi mbale ziwiri. Kaufa anayang'anitsitsa uvuni ija. Manja ake sankadziwa ntchito ina.

Achimwene analuma woyamba, n'kukwinya nkhope.

"Ayi, uyu ndi wolimba. Mcherenso wachuluka."

Analuma wachiwiri. Anatafuna pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa, mutu ukugwedezeka.

"Bambo anga ine," anatero. "Ndi ameneyu. Ngati alipo m'nyumba muno."

Azakhali anamasula mpango, n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki kamene anabisa m'chitenje.

"Mwakadziwa aka? Ndi buledi uja munabwera naye m'galimoto, bwana. Thonje lija! Wolimbayo ndi amene mlongo wanu watulutsa mu uvuni m'mawa uno, mmene amachitira ndi bambo ake zaka zonsezi."

Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Ngakhale amayi anaseka, koyamba chichitikireni maliro, mpaka kupukuta misozi ndi mpango womwe uja.

Kaufa anaseka pang'ono chabe. Anatenga mpeni, n'kudula kachidutswa kakumapeto kwa buledi wake, kouma kaja, n'kukaika pa sosala yong'aluka ya pawindo.

"Ako n'kachiyaninso?" anafunsa achimwene, maso ali pansi.

"Bambo ankatero m'mawa uliwonse. Ankati kakumapeto n'ka achimwene ako, amakakonda, mwina abwera lero. Dzuwa likapendeka ankapatsa mbalame."

Achimwene anapinda chingwe chija n'kuchiika m'thumba. Anapita pawindo, natenga kachidutswako ndi manja awiri, n'kuyamba kudya ataimirira.

"Pang'onopang'ono, bwana," anatero azakhali. "Mchere wachuluka."