Mpando wa a Reinford Pakati pa Msewu

Chipale chofewa chimene chinagwa mu February 2009 chinaulula makhalidwe athu tonse a mumsewu mwathu ku Edmonton. Mabasi anaima. Aliyense amene wafukula galimoto yake ankasiya bini kapena chikatoni pamalopo kuti akadzabwera apezepo. Ine ndinakumba pamalo panga ndi thireyi ola lathunthu, n'kuikapo bini. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinapita pagalimoto kukagula mkaka. Pobwera ndinapeza bini yanga ili chagada, pamalo panga pataima chivani choyera. Mtima unandiwira.

Ndinazungulira katatu. Malo opanda galimoto anali amodzi okha, kutsogolo kwa nyumba ya a Reinford, bambo wachikulire amene anakulira m'mafamu a ku Zimbabwe, makolo awo a ku Ntcheu. Anali atapalapo ndi khasu lawo la kudimba mpaka phula kuoneka, chipale atachiunjika m'mbali ngati mizere ya chimanga. Iwo anali atakhala pakati penipeni, pampando wa kukhitchini, atafunda bulangete, khasu lili pamiyendo. Chondipsetsa mtima n'chakuti a Reinford analibe galimoto. Ngakhale njinga.

Ndinatsitsa galasi.

"Abambo, mwadzuka bwanji? Koma parking imeneyi mukusungira ndege?"

"Ndadzuka, mwananga Dyna. Ndikusungira anesi."

Anandifotokozera mosakweza mawu. Akazi awo, mayi Etta, anali ndi matenda a shuga ndipo maso anali atafooka. Manja a bambowo ankanjenjemera, sakanatha kugwira jakisoni, choncho namwino ankabwera m'mawa uliwonse kudzawabaya. Dzulo lake anachedwa maola atatu chifukwa chosowa poimika, mayi aja mpaka anayamba kulankhula zosamveka.

"Poyamba ndinangoika mpando, wina anauponya pa mpanda wa maluwa. Ndiye ndati ndikhalepo ndekha. Munthu samuponya."

Anali pamenepo chiyambire seveni koloko. Manyazi anandigwira, ine ndi mkaka wanga.

Tili pomwepo foni yawo inalira m'thumba. Zala zinali zitauma, anandipatsa ine kuti ndiyankhe. Anali namwino uja, dzina lake Taonga. Galimoto yake inali itatitimira pakamtunda kena, mateyala akungozungulira. Wapansi akanatenga ola ndi theka.

A Reinford anamva zonse. Sanandipemphe kanthu. Anangoyang'ana zenera la chipinda cha akazi awo, kenako n'kuyamba kupinda bulangete, ati apite akamuchingamire namwinoyo kuti amunyamulire chikwama. Munthu woti mawondo akuchita kulira!

"Khalani pansi, abambo. Injini yanga ndi yotentha kale."

Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikupemphera pa kona iliyonse. Taonga ndinamupeza ataima m'mbali mwa msewu, chikwama chili pachifuwa. Titafika, a Reinford anadzuka movutikira, nakana kuti ndiwathandize. Anachotsa okha mpando, n'kundilondolera ndi dzanja mpaka galimoto inalowa bwinobwino. Mayi Etta anabayidwa nthawi isanapitirire. Ndinawamva m'chipindamo akumukalipira Taonga kuti wavala masokosi opyapyala, ndipo ndinadziwa kuti ali bwino.

Taonga anali ndi odwala ena awiri, ndiye ndinamuperekeza konseko. Pobwerera dzuwa linali litapendeka, chipale chayambanso kuwaza. Ndinali nditavomereza kale kuti ndikaimika kutali, ndibwere wapansi.

Nditakhota kulowa mumsewu mwathu, ndinawaona. Mpando womwe uja, bulangete lomwe lija, chipewa chitayera mbuu. Mayi Etta ankagogoda pazenera kuti alowe, iwo osatembenuka n'komwe.

Ndinatsika ndili wokwiya zenizeni, misozi ili m'maso.

"Abambo, anesi anapita kalekale! Mukufuna mudwale inu tsopano?"

Ananyamula mpando wawo, nasasa chipale pamapewa.

"Ndimadziwa kuti anapita. Lowetsani galimoto, mwananga, ndakusungirani."