Mboni Ziwiri za Sir Torquil

"Sindidzakwatira, Ninian. Ndikadzatsamira mkono, dzina la Sir lidzakhala lako." Anatero bambo anga aakulu, Sir Torquil Glenarrock, tsiku lomwe tinaika m'manda bambo wondibereka. Dzanja lina linali pa Baibulo, linalo pa botolo la wisiki. Ine, pokhala mwana, ndinakhulupirira dzanja la pa Baibulo.

Ubaroneti wathu, ndiye kuti ulemu wa dzina la Sir lija, unayamba ndi kholo lina lomwe linagula dzinali kwa mfumu yosowa ndalama, pamodzi ndi malo a kutsidya kwa nyanja omwe palibe wa ife adawapondapo. Chiyambire pamenepo dzinali latsika kwa amuna okhaokha, wamkulu patsogolo, monga imatsikira mphuno yathu yaitali. Baroneti wachitatu adagulitsa nkhalango yonse n'kumwera mowa. Wachisanu adagwa pa kavalo akuthawa nkhondo, koma pa chithunzi chake kavaloyo wayang'ana kunkhondo. Sir Torquil anali wachisanu ndi chitatu, ndipo popeza analibe mwana wa m'banja, wotsatira ndinali ine.

Chopinga chinali chimodzi, dzina lake Dougal. Ishbel, mayi woyang'anira nyumba, adabereka mwana yemwe bambo wake sankadziwika, ngakhale mphuno inkadziwika. Kuno ku Scotland, mosiyana ndi kwa Angerezi, makolo akakwatirana, ngakhale mwanayo atamera kale imvi, amasanduka wa m'banja n'kulowa dzina. Lonjezo lija ndilo linali mpanda wanga wokhawo.

Ndinakakhala ku Buenos Aires zaka makumi atatu, ndikuphunzitsa Chilatini ana a eni ng'ombe, ana osatha kusiyanitsa ndakatulo ndi ndowe. Nditamva mu 1936 kuti nkhalamba ija yadwala kwambiri, ndinakwera sitima.

Kwathu ndinakupeza, koma sikunali kwathu. Mitengo ya m'mbali mwa njira, yomwe inandiphunzitsa kukwera ndi kugwa, idasanduka zitsa. Mabuku a agogo adapita ku Amereka kukakongoletsa khoma la munthu wosawerenga. Pa kapinga pomwe amayi ankamwera tiyi panali nkhosa, ndipo pakati pa nkhosazo panali Dougal, wadazi, atanyamula mphuno yathu ngati yake.

"Wabwera kudzandiyeza bokosi?" anafunsa Sir Torquil ali pabedi.

"Ndabwera kudzakuonani, bambo."

"Khwangwala nayenso amabwera kudzaona nkhosa yodwala."

Ishbel anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Mwaonda, a Ninian. Kunjako kulibe phala, kapena kulibe akazi?"

Ndinaona mmene ankawakonzera pilo, ndinaonanso mmene iwo ankamutukwanira mofatsa, ndipo mtima unandiuza kuti mpanda wanga wadyedwa ndi chiswe. Ndinaganiza zotseka njira ya abusa a mpingo, kuti asawakwatitse. Kwa abusa ndinanena kuti wodwala akangoona kolala yoyera mtima wake uima. Kwa wodwala ndinanena kuti abusa ali ndi chifuwa chopatsirana. Masana ndinkakhala pazenera loyang'ana kuchipata ngati galu wolusa, buku lili pamwendo. Zaka zonse zija pakati pa Akatolika zidandikhomera m'mutu kuti popanda munthu wa mkanjo palibe ukwati.

Lachinayi lina masana kunabwera a dokotala Rattray. Awa ndinawalola kudutsa, poti dokotala anali kumbali yanga. Anamvetsera pachifuwa pa wodwala, napukusa mutu mondisangalatsa.

"Musachoke, a dokotala," anatero Sir Torquil. "Ninian, sendera pafupi. Makutu ako sadagonthe ndi magitala a kumeneko?"

"Ndikumva bwinobwino, bambo."

"Nenanso mokweza, a dokotala amve."

"Ndikumva bwinobwino!"

Ndinadziwa kuti nthawi ya mphete yakwana, mphete ya chidindo cha banja yomwe baroneti aliyense amasiyira womutsatira. Chala changa chinali chitawongoka kale chokha.

"Ishbel, ika pansi thireyiyo," anatero Sir Torquil.

"Tiyi azizira."

"Azizire. Zaka makumi asanu ndakhala ndikumwa tiyi wako wozizira. Bwera kuno, mkazi wamakani iwe."

"Wamakani ndani? Amene akukana kufa ndine?" Koma anaika thireyi pansi, napukuta manja pa epuloni.

Sir Torquil anamugwira dzanja. "Pamaso pa mboni ziwirizi, Ishbel uyu ndi mkazi wanga."

"Ndipo nkhalamba yovutayi ndi mwamuna wanga," anatero Ishbel. "Tsopano imwani tiyi."

Ndinaseka. "Popanda abusa? Awa ndi masewera a ana."

A dokotala anatseka chikwama chawo pang'onopang'ono. "Mwakhalitsa kunja, a Ninian. Kwathu kuno awiri akanena choncho pamaso pa mboni, zatha. Ine ndamva. Inunso mwatiuza kawiri kuti mukumva bwinobwino." Anatembenukira kwa Ishbel nawerama. "Lady Glenarrock, musawapatse shuga wambiri."

"Tsegula zenera, Ninian," anatero wodwala uja, mawu atabwereramo mphamvu. "Umuitane mbale wako. Umuuze asambe m'manja, mpheteyi siyofunika mafuta a nkhosa."

Sir Torquil Glenarrock anakwatira Lachinayi limenelo, ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi.