Ntchito Yanga Inali Kusokosa

Chaka chimene mwana wanga ankakonzekera mayeso olowera ku yunivesite, m'nyumba mwathu munangoti zii ngati eni ake anasamuka. Ndine ndinachititsa. Wailesi ndinaikulunga m'nsalu n'kuiika pamwamba pa kabati. Kumiyendo ya mipando ndinamangako tizigamba kuti isamakwekwese pansi. Chitseko cha kuchipinda chinkalira ngati kamwana ka mphaka, ndiye ndinachidonthezera mafuta ophikira. Ngakhale supuni ndinkaiika m'mbale ngati ndikuika dzira.

Tinkakhala awiriwiri m'nyumba ya lendi, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Bambo ake anapita kutali kukagwira ntchito mwanayo adakali ku pulayimale, ndipo mafoni awo anayamba kutalikirana mpaka analekeratu. Ndinamubereka ndili wamng'ono, moti m'basi anthu amatiyesa munthu ndi mkulu wake. Ine sukulu ndinalekezera ku sekondale. Masamu a m'mabuku akewo ndinkangowaona ngati nyerere zamwazikana papepala. Nanga ndikanamuthandiza ndi chiyani? Ndinaona kuti chimene ndingathe kumupatsa ndi bata.

Ntchito yanga ndi yosita zovala kuseri kwa shopu yochapira. Kachipinda kake n'kopanda windo: ine, simbi, nthunzi, ndi malaya a anthu amene nkhope zawo sindizidziwa. Ndikaweruka ndinkayenda mothamanga, mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti mwina wina akugogoda pakhomo pathu kapena ana akusewera mpira pansi pa windo lake. Ndikafika ndinkavulira nsapato panja. Ndinkamupeza atawerama patebulo, atafulatira chitseko, ndipo ndinkamuikira kapu ya tiyi pambali osanena kanthu. Tinkatha kufika pogona titangolankhulana mawu oti "zikomo" basi.

Kuseri kwa khoma lathu kumakhala mayi wina wosoka zovala. Ndiye anamupatsa mwana wanga dzina loti Pulofesa. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kukamupempha kuti masana azipumitsako mashini ake.

Anandiyang'ana ali ndi singano pakamwa, kenako anaichotsa. "Ndiye ana anga azidya chiyani, mayi a Pulofesa? Digiri ya mwana wanuyo?"

"Pepani, aneba. Ndi miyezi yochepa chabe."

"Mawa mudzatiuza kuti tizipuma mpweya mosinthana."

Komabe anasuntha mashini aja n'kuwaika kukhoma lina. Kuyambira pamenepo moni wathu unasanduka wokweza dzanja patali. Ndiye yekhayo amene ndinkachezako naye pachingwe choyanikira zovala, koma ndinadziuza kuti palibe kanthu, bola mwana akhoze.

Nthawi itayandikira, aphunzitsi a masamu anasonkhanitsa ana onse m'holo ya pasukulu kuti alembe mayeso oyeserera. Ndinamusitira bulauzi, ndinamusongolera mapensulo. Madzulo anabwera n'kupitirira kuchipinda osandiyang'ana. Ndinamupeza atagona chafufumimba, nsapato zili kuphazi.

"Zayenda bwanji, mwanawe?"

"Sindinafike ndi pakati pomwe, Amayi."

"Anali ovuta?"

"Onse ndimawadziwa." Anakwirira nkhope m'pilo. "Koma mutu unangoima."

M'mawa ndinapempha kuti ndifike mochedwa kuntchito, ndipo ndinapita kukaonana ndi aphunzitsiwo. Ndi bambo wachikulire, wa choko m'zikhadabo ndi m'nsidze momwe. Anandikhazika pa desiki ya ana.

"Mwana wanu amadziwa masamu kuposa onse amene ndili nawo," anatero. "Koma dzulo kumbuyo kwake kunali mnyamata wa chimfine. Wina ankagogoda pensulo pa desiki. Panja ankatsitsa malata. Ndinamuona atatseka makutu ndi manja onse awiri. Nanga alemba ndi chiyani, phazi? Kodi kunyumba amawerengera kuti, kumanda?"

Ndinawafotokozera zonse, za wailesi, za tizigamba, za mashini a aneba. Ndinkafotokoza monyadira ndithu. Anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka.

"Mayi, mwamuphunzitsira kusambira m'beseni. Kumayesoko kukakhala ana odzaza holo, aliyense ndi chifuwa chake ndi mpando wake wolira. Akapita chonchi sakapeza malo, ndipo mwayi wina ndi chaka chamawa."

"Ndiye nditani, aphunzitsi?"

"Msokoseni. Tsiku lililonse azilemba pepala limodzi, wotchi ikuyenda, inu muli pomwepo kumusokosa. Ndipo mapoto okha sakwanira. Chovuta kuchitaya m'khutu ndi mawu a munthu, makamaka munthu amene umamukonda. Muzilankhula mpaka asiye kukumvani."

Tsiku loyamba ndinachita manyazi ngati mlendo m'nyumba yanga yomwe. Ndinamasula tizigamba tija, ndinakoka mpando, ndinagwetsa chivundikiro cha poto. Iye anadzidzimuka, kenako anaphulika kuseka.

"Amayi, ngakhale kusokosa kwanu n'kwaulemu!"

"Lemba iwe, nthawi ikutha."

Ndinakhala kumbuyo kwake pa mpando, foni yowerengera nthawi ili pamiyendo. Zolankhula zinandisowa. Ndinatenga paketi ya sopo n'kuyamba kuwerenga mokweza zolembedwa kumbuyo kwake. Sopo atatha ndinatenga botolo la mankhwala a chifuwa. Zowerenga zitatha m'nyumba monse, ndinayamba kusimba za kuntchito.

Ndinamuuza za bambo wina amene amabweretsa jekete imodzimodzi sabata iliyonse, m'thumba muli duwa louma, ndipo amakalipa tikalichotsa. Pensulo inaima.

"Ndiye duwalo ndi la ndani?" anafunsa osatembenuka.

"Si zako izo! Lemba!"

Koma mumtima ndinamva kukoma. Ndinali nditaiwala kuti nkhani yanga ingaimitse munthu. Kuntchito ndinayamba kutolera nkhani ngati wotola nkhuni: diresi laukwati limene mwini wake sanabwere kudzatenga, abwana athu amene amadaya tsitsi koma n'kuiwala ndevu. Ndikusita ndinkaziyeserera chamumtima, kuti apa ndidzayambe chonchi, apa ndidzadikire pang'ono. Ndikafika kunyumba ndinkalowa ndi nsapato, n'kumenyetsa chitseko.

Ndinaphunzira kuwerenga msana wake. Nkhani ikamulowa, phewa lamanja linkakwera pang'ono, khutu n'kupendekera kwa ine, pensulo n'kuzizira. Ndikatero ndinkamukalipira, iye n'kudandaula kuti, "Nanunso Amayi, nkhani zanu n'zokoma dala." Masiku amenewo mapepala sankawamaliza, ndipo ndinkada nkhawa zenizeni. Koma ndiwo masiku amene ndinkagona pakamwa pali popepuka.

Pang'ono ndi pang'ono phewa lija linayamba kukhala pansi. Ndinkafika pokoma penipeni pa nkhani, pensulo osaima. Ndinkakweza mawu, kutchula dzina la mnyamata amene ndinkamuganizira kuti amamufuna, koma ayi ndithu. Mafunso otsala kumapeto kwa pepala ankachepa tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi anatumiza uthenga woti tipitirize, zikuyenda.

Pepala lomaliza analemba Lamlungu masana, mayeso enieni ali mawa lake. Dzuwa linkalowera pawindo n'kugwera pakhosi pake, pamene tsitsi limayambira. Ndinatchera nthawi pafoni. Nkhani zakuntchito zinali zitandithera, ndiye ndinangoyamba ndi zimene zinali pafupi.

"Bedi lija likhala lalikulu ukapita," ndinatero. "Ndizigona pakati kapena kumbali kwanga komwe kuja, kaya."

Pensulo inkayenda.

"Buledi wathunthu sindingamalize ndekha, azichita nkhungu. Zipi ya diresi langa lobiriwira ija ili kumsana, sindiifikira. Ndiziyenda nayo yotsegula mpaka kukapeza wondithandiza pamsewu."

Anatembenuza tsamba.

"Anzanga a kusukulu ndinasiyana nawo kalekale, iwo akuvina ine ndikuchapa matewera. Anebawa ndinawathamangitsa ndekha. Ukudziwa kuti tsiku lonse kuntchito palibe amene amanditchula? Munthu amene amanditchula padziko pano ndiwe wekha."

Ndinayang'anitsitsa phewa lija ngati mmene ndimayang'anira simbi pa nsalu yopyapyala. Silinasunthe.

"Ndikuopa, mwanawe. Ndikufuna ukhoze, Mulungu akudziwa, koma ndikuopa." Kenako ndinanena mokweza, moti ngakhale kuseri kwa khoma ayenera kuti anamva: "Usapite. Wamva? Usandisiye muno ndekha."

Anafufuta kanthu kena, anauzira papepala, n'kupitiriza kulemba.

Ndinakhala chete. Kenako ndinakumbukira kuti kukhala chete si ntchito yanga, ndiye ndinapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulauzi, ndinatenga chivundikiro cha poto n'kumachigogoda ndi supuni mpaka foni inalira. Ngakhale foniyo sanaimve. Ndinachita kumugwira paphewa.

Anadzidzimuka ngati wodzutsidwa kutulo. "Yatha? Amayi, ndamaliza! Onse! Ndinabwerezanso ndi kubwereza!"

Tinatsegula kumapeto kwa buku kumene kuli mayankho. Iye ankatchula ake, ine ndikulondola ndi chala. Wakhoza. Wakhoza. Wakhoza. Tinatsika tsamba lonse, ndipo cholakwa chinali chimodzi chokha, chimene anachizindikira yekha ndisanatsegule pakamwa. Analumpha n'kundikumbatira mpaka mpando unagwa.

"Koma lero munandichitira chifundo eti?" anatero akupuma mwamphamvu pakhosi panga. "Simunalankhule n'komwe."

"Ndinalankhula."

"Zoona? Sindinamve olo liwu limodzi! Mumati chiyani?"

Nkhope yake inali yowala, maso ali gwa pa ine, kudikira. Akanati agone ndi mawu anga aja, mawa akanalowa nawo m'holo, ndipo amenewo sakanatha kuwatsekera kunja.

"Zakuntchito," ndinatero. "Tenga bulauzi yako ija ndiisite, magetsi asanathime."