Mbatata Yowola Yachiwiri

Zélia anatseka komputadolo mwaukali mpaka nkhuku zinabalalika pakhonde.

"Basi, ndasiya! Mutu wangawu ndi wolimira nyemba, osati zimenezi."

Amuna ake, a Arcanjo, ankasankha mbatata ya kachewere pamphasa, ndipo anangomuyang'ana cham'mbali. Nkhani ankaidziwa. Apulofesolo a ku Ulongwe, omwe ankaphunzitsa Zélia za komputadolo, anali atanena kuti amene pulogalama yake iyende bwino pofika Lachisanu, apita ku Tete kukaphunzira ntchito chaka chathunthu. Ya Zélia sinali yaitali: iyende pamndandanda wa mayina, ichotse onse osiya sukulu. Koma ayi ndithu, osiyawo akakhala awiri moyandikana, inkachotsa woyamba, wachiwiri n'kumusiya ali phee.

"Tandionetsani ndi mbatatazi," anatero a Arcanjo, "ndidziweko chimene chikufuna kundilanda mkazi."

Zélia anatsonya, komabe anandanda mbatata pamzere, ziwiri zowola moyandikana. "Inu ndinu komputadolo. Ndikachotsa imodzi, muzikankha zotsalazo kutseka mpata. Makinawa salola mpata."

"Ine komputadolo? Ndi dothi lili m'zikhadaboli?"

Chala cha Zélia chinayambira kumutu kwa mzere. Yabwino, yabwino, yowola, n'kuitaya. A Arcanjo anakankha mzere mwaulemu wonse, ngati akutumikira pa Misa. Chala chinasunthira patsogolo monga mwa lamulo lake. Ndiye taonani! Yowola yachiwiri ija inali italowa m'malo mwa inzake, pamene chala chinali chitadutsa kale.

"Mayo ine! Si mutu wanga ayi, ndinu mukuibisa!"

"Ine ndangochita zimene mwandituma, mayi a Ilda."

Zélia anaziyalanso, ulendo uno n'kuyambira kumchira kubwerera m'mbuyo. Amuna ake kaya akankhe bwanji, zosuntha zinali zokhazo zimene chala chaona kale. Zowola zonse zinatuluka. Anatsegula komputadolo, anasintha mzere umodzi wokha wa malangizo, pulogalama n'kuyenda bwinobwino. Analulutira mpaka agalu a kwa aneba anauwa.

A Arcanjo anaseka naye mpaka misozi, chifukwa mkaziyu ankamukonda zosabisa. Kenaka kusekako kunazilala. Anayamba kutolera mbatata zija m'thumba imodziimodzi, maso ali pamphasa.

"Ndiye kuti ku Tete mukupitadi," anatero chapansipansi.

Zélia anasiya komputadolo ili chiyakire, anakhala pamphasa pafupi nawo, n'kuwagwirira kukamwa kwa thumba.