Batani la Achimwene

"Tsiku limene ndidzapange RNA kuno kwathu, batani la makina mudzadina ndinu." Ndinawauza choncho achimwene pa depoti, ndikupita kunja kukaphunzira. Iwo anali mphunzitsi wa sayansi pasukulu yopanda ngakhale botolo limodzi la asidi, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kujambula mamolekyu ndi khala pakhoma la khitchini. Anandigwira dzanja kuti ndilumbire. Ndinalumbira.

Ndinabwerako imvi zitayamba. Mtengo wa mango wa pakhomo pathu ndinapeza atadula, pamalopo pali kashopu ka mafoni, ndipo ana a abale anga ankandipatsa moni ngati mlendo wochokera ku boma. Koma labu imene anandipatsa ku yunivesite ndinaikonda: tebulo lalitali, zenera loyang'ana kumene amaimika njinga, ndi makina aja, aakulu ngati firiji yaing'ono, timapaipi tili lendelende.

Ntchito yake ili ngati kutunga mikanda. RNA ndi molekyu yaitali ngati ulusi, yonyamula uthenga m'maselo a zamoyo, ndipo makina amalumikiza zidutswa zake chimodzichimodzi mpaka ulusiwo utakwana. Pakati pake ndimafuna kuikapo mkanda umodzi wachilendo, wokhala ndi fulorini, kuti anzanga a kunja akauika ulusiwo mu maginito awo aakulu aone mmene umapindikira. Mkandawo unabwera ngati ufa, m'kabotolo kochepa ngati chala chachikulu, titaudikira miyezi. Ukausungunula sukhalitsa, ndipo mdani wake ndi chinyezi. Inali nthawi ya dzinja.

Ndinkagwira ntchito ndi mayi wina wamkulu amene labu yonse inkawatchula a Magolovesi, chifukwa thukuta la m'manja limadya RNA ndipo iwo sankakhululuka.

"Dokotala, mwakanda mphuno. Vulani amenewo, valani ena."

"Sindinakande."

"Ndiye mphunoyo yadzikanda yokha?"

Achimwene, amene tsopano anapuma ntchito, anati abwera Lolemba m'mawa. Ine, ndi khalidwe langa la kunja lokhulupirira kalendala, ndinasungunula ufa uja Lolemba m'mawa. A Magolovesi anangondiyang'ana.

"Mwasungunula munthu asanafike pageti?"

"Anena kuti akubwera."

"Ee, ndipo ine amuna anga ananena kuti adzandigulira galimoto."

Dzuwa litafika pamutu ndinaimba foni. Anayankha ndi alamu anga.

"Achimwene anuwo ali kwa telala, mlamu. Akusoketsa suti."

"Suti ya chiyani? Apa timavala malaya oyera a labu, suti siioneka n'komwe."

"Auzeni nokha. Ine ndanena mpaka kukhosi kwauma. Akuti sangadine batani la mlongo wawo atavala jekete ya kumaliro."

Madzulo anaimba okha, mawu ali mwaa ndi chisangalalo. Telala anafupikitsa thalauza, akakolo ali pamtunda, ndiye akonzanso. Anandifunsa ngati RNA ikadali ndi mpweya wa okosijeni uja pa kaboni wachiwiri, umene ankandikwapulira ndikaiwala kuujambula. Ndinati ukadalipo, ndipo ndi womwewo umene umachititsa kuti ntchito yathu ikhale yovuta chonchi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Usadandaule, iwe. Wadikira zaka zonsezi, ungalephere kudikira thalauza?"

Ndinafuna kuwauza za chinyezi. Koma ndinawaona m'maganizo ataima pagalasi la telala, akutembenuka uku ndi uku, ndipo ndinangowatsanzika.

Mawa lake mvula inagwa tsiku lonse. Mkuja wake inagwanso, thalauza lisanathe, popeza telala anapita ku ukwati wa mphwake. Ndinatseka kabotolo ndi mpweya wouma, ndinakakulunga, ndinakayang'ana pa kuwala ngati mwana wodwala. Madzi ake anali akadali mbee, koma mankhwala amenewa sasintha nkhope akamafa. Umadzadziwira pa ulusi woduka.

Komabe masiku amenewo anali okoma. Magetsi sanazime. Tinkamwa tiyi pakhonde, a Magolovesi akundiphunzitsanso miseche ya mumzinda umene ndinabadwiramo: ndani anakwatira ndani, sitolo iti inali ya yani. Fungo la asetonaitilo, mankhwala osungunulira aja, litasakanikirana ndi la dothi lonyowa, kwa nthawi yoyamba chibwerere sindinafunefune mtengo wa mango uja.

Lachinayi m'mawa ndinapeza a Magolovesi atamangirira kale mabotolo onse pamakina, kabotolo kaja kali pamalo pake.

"Lero likadutsa, kabotoloka tikataya kudzala," anatero. "Kena kadzabwera ine nditapuma ntchito. Suti ija achimwene anuwo adzavala, tidzawajambula chithunzi ataloza batani. Akadziwa bwanji?"

"Ndiwauza ndekha."

"Zanu zimenezo. Koma magolovesi amenewo mwagwira nawo foni."

Ndinavula, n'kuvala ena. Kunja wina ankakankha njinga m'matope, atafunda pepala la pulasitiki kumutu. Pageti panalibe munthu wa suti. Makina anayamba kulira tiki, tiki, akukoka mkanda woyamba.

Batani ndinadina ndine.