Mkamwini Wophikira Mbalame

Bizweki anatsika minibasi ya ku Kachulu nsapato zikuwala ngati galasi, chikwama cha matayala chikulira m'fumbi. Ankachokera ku Joni, ndipo chomwe chinamubweretsa chinali chimodzi: Gloria. Mtsikanayo anali atalola kale, ankhoswe atayenda kale. Chotsala anali mawu a malume ake a Gloria, a Saulos, mlimi wa mpunga pasikimu ya Likangala. Iwo akangopukusa mutu, ukwati panalibe.

"Kujoniko mumagwira yanji, achimwene?" anafunsa a Saulos atakhala pansi pa mtengo wa mango.

Bizweki anakonza kolala. Funso limeneli ankalikonda.

"Kuli malo aakulu osungirako nyama zakutchire, malume. Mkango ulipo, njovu ilipo, anthu amaima pamzere pageti kuti adzazione. Ine mbali yanga ndi ya mbalame. Zonse zimandidziwa ndi mluzu."

"Mumazitani?"

"M'mawa ndimazidulira mapapaya, kuzisakanizira mapira ndi mpunga wophika. Ina ikadwala timaitana dokotala."

"Mpunga," anatero a Saulos pang'onopang'ono. "Wophika. Ndiwo zake?"

"Sizifuna ndiwo, malume."

"Nanga zikanenepa zimaphedwa liti?"

"Siziphedwa. Zimafa ndi ukalamba."

Anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi: iye mu yunifolomu, tsekwe wonona akumudya m'manja. A Saulos anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu kuno sakanaliona dzuwa likulowa," anatero. "Ine mawu anandisasa kalekale kukuwira adani anga, osadziwa kuti kwina kuli munthu akuwaphikira. Chabwino. Mawa ana ali kusukulu, mpunga kumunda wayamba mkaka m'ngala. Mukandiingitsire mbalame. Poti mumadziwana nazo, mukaziuze bwinobwino."

Mamawa Bizweki anakwera pansanja ya pakati pa munda. A Saulos anamusiyira gulaye, mulu wa zibuluma ndi chingwe chomangirira zitini. Mtima wake unali umodzi: lero mpheta ziona zakuda. Munthu wolowa m'khola la chiwombankhanga tsiku lililonse angagonje ndi timbalame tosakwana m'chikhatho?

Dzuwa litangotuluka mpheta zinadzuka m'mabango a kunyanja ngati utsi. Sikimu yonse inawira. Amayi akukuwa, zitini zikulira, zikwapu zikuthethetsa. Bizweki anagwira chingwe, koma thupi lili ndi sukulu yake. Zaka zonse za ku Joni linaphunzira chinthu chimodzi: mbalame ikayandikira, tsitsa mapewa, usayende modzidzimutsa, mawu akhale pansi. Anakoka chingwe mofatsa, zitini zinangoti ngwe, ngati belu loitanira ku chakudya.

"Tiyeni, tiyeni, anzanga," ananong'ona. "Pano ayi."

Anatola chibuluma, n'kuona kambalame kena kali ndi phiko lolendewera. Anachibweza pansi. Mpheta sizopusa. Za m'munda wa kum'mawa zinamva kuti pali malo a bata, za kumadzulo nazo zinauzana. Pofika nthawi ya tiyi, mbalame za minda yonse yozungulira zinali pa a Saulos, ina itatera pachipewa cha mlonda.

A Saulos anatulukira masana ndi mlongo wawo, mayi ake a Gloria. A Wilisoni, a munda woyandikana nawo, anali atagona chagada pamzere, chipewa kumaso.

"A Saulos, mkamwini ameneyu musamutaye," anatero osadzuka. "Chiyambire kulima, lero ndiye ndapuma."

A Saulos anathyola ngala imodzi, kuifikisa m'manja, n'kuuzira. Anauluka mankhusu okhaokha. Bizweki anatsika pansanja, nsapato zija zitamira m'matope. M'maganizo mwake anaona Gloria akumutalikira ngati bwato lopita ku chilumba cha Chisi.

"Uyu ayi," anatero a Saulos.

Mayi ake a Gloria sakanalankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anatembenukira kumbali n'kumalankhula ndi mchimwene wawo.

"Achimwene, mwamuna wanga malemu munandisankhira ndinu. Munamupeza pansanja ngati yomweyi."

"Anali katswiri. Akakuwa pano, mbalame zinkadzuka ku Kachulu."

"Eya. Mpunga wathu sunadyedwepo. Koma mawu amenewo sankawasiya kumunda, ankabwera nawo kunyumba. Supuni ikagwa, ine ndi ana tinali mpheta." Anakonza chitenje. "Munthu wolephera kukalipira kambalame kakumudyera pamutu, mwana wanga akagona tulo."

A Saulos anayang'ana munda, anayang'ana Bizweki, amene anali akuchotsa nthenga paphewa mosamala ngati mwini wake adzaifuna. Anakanda m'mutu.

"Mpungawu ndiye wapita mbali yonseyi."

"Ndiwo malonje ake," anatero a Wilisoni pansi pa chipewa.

"Akwatire," anatero a Saulos pomaliza. "Koma tikakolola, ndipo munda wanga aziwuonera patali." Kenako maso awo anawala. "Achimwene, mubwerera liti Kujoniko?"

"Mwezi ukatha, malume."

"Bwino. Ntchito yanu ndaimvetsa tsopano, ndi yapamwamba. Mawa mulawire ndi mluzu wanu uja. Mukakhale pansanja ya a Wilisoni."