Bwezani Pamene Wagwera Zakeyu

Ndinalota ndili m'nyumba yanga yoonetsera mafilimu ku Mbayani, dzuwa lili paliwombo, malata akuthetheka. Anthu anadzaza mabenchi onse, ena anakhala pansi. Ndinaika filimu yachimwenye ya ndewu, ya chiTamili, mtundu uja amaukonda chifukwa mwini filimu akangomenya munthu kamodzi, munthuyo amauluka. Koma khoma la kutsogolo panalibe. Pamalo pake panali msewu weniweni wa ku India, wafumbi lofiira, ndipo filimuyo ankaijambula pomwepo ife tikuonera. Rimoti inali m'manja mwanga monga mwa masiku onse.

M'mbali mwa msewuwo munaima chithunzi cha mwini filimu chodula pathabwa, chachitali kuposa bulugama. Anyamata anakwera pamakwerero n'kumachithira mkaka pamutu. Mkakawo unayenderera mpaka kudzanyowetsa mapazi a anthu a pabenchi loyamba. Zinandipweteka, ine womwa tiyi wakuda chaka chonse.

Mkulu wojambulitsa filimuyo, mmwenye wamfupi wokoleka thaulo m'khosi, anabwera kudzandipatsa moni. Ankalankhula chiTamili, ine n'kumamva Chichewa.

"Mayi, talandira anthu oti amenyedwe lero. Mmodzi ndi wa kwanu. Tikuthokoza kwambiri."

Zigawenga za m'filimumo zinaima pamzere. Aliyense anam'manga chingwe m'chiuno, choti am'kokere akamenyedwa kuti aoneke ngati wauluka. Kumapeto kwa mzerewo kunali Zakeyu, mlongo wanga wamng'ono, amene tinamuika m'manda chaka chatha gulu la anthu litam'menya pa depoti pomuganizira kuti waba foni. Ine kunalibeko tsikulo, ndinangom'peza atam'funditsa kale chitenje. Iye yekha pamzerepo analibe chingwe.

"Nanga mlongo wangayo bwanji simunam'mange?" ndinafunsa.

"Zingwe ndi za amoyo, mayi. Iyeyu amagwa yekha, ndipo amagwa bwino."

Ng'oma zinalira. Mwini filimu anatsika panjinga yamoto, anapotokola ndevu zake, anakwinya nsalu yake m'chiuno. Woyamba anam'patsa chibakera, anauluka n'kukagwera pamulu wa tomato. Wachiwiri anaboola galasi la basi. Onsewo ankadzuka kuseri kwa kamera n'kumakamwa tiyi, magazi awo anali utoto wa m'ndowa. Atafika pa Zakeyu, manja a mwini filimu anachuluka. Lina linagwira njerwa, lina thabwa la misomali, lina tcheni cha njinga. Njerwa inam'phwanya pakamwa, mano anagubuduka mpaka pamapazi anga. Thabwa linam'ng'amba khutu. Anagwada, anaphimba mutu, tcheni chinathyola zala zophimbirazo. Anagwa chafufumimba, mwendo unaphiriphitha pang'ono, kenako zii.

Nyumba yonse inaphulika ndi makhweru.

"Bwezani, amayi! Bwezani tionenso!"

Ndi mwambo wa m'nyumba mwanga umenewo, ndewu ikakoma timabweza. Ndinafuna kuwatukwana, agalu opanda chisoni, koma chala chinadina chokha. Mayo ine! Mano ananyamuka pamapazi anga n'kubwerera m'kamwa mwake. Magazi anakwera kuchoka m'fumbi n'kulowa m'mutu. Zala zinawongoka. Zakeyu anaima bwinobwino pamzere, anandiona, anamwetulira.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?"

Ndinakondwa, abale, ndinakondwa. Ndinafunafuna podina kuti filimu iime pamenepo, aime choncho mpaka kalekale. Rimoti inalankhula m'dzanja mwanga, mwaulemu ndithu.

"Mayi, poimitsira panga panatha. Ndimadziwa kubweza ndi kupitiriza basi. Ndipo sindibweza kupitirira pamene ng'oma zayambira."

Ng'oma zinaliranso. Tinali ndi kanthawi kochepa, kamene mwini filimu ankatsika panjinga ndi kumenya awiri oyamba aja. Ndinamuuza Zakeyu kuti mwana wake wayamba kuyenda. Anaseka, anafunsa ngati wafanana naye. Ndisanayankhe, njerwa inafika.

Ndinabwezanso. Ndinamuuza kuti mwanayo ndi iye ndendende, mpaka makutu. Ndinabwezanso, ndinamuuza kuti amayi athu satchulabe dzina lake. Ndinabweza, ndinabweza. Nkhani sizinkandithera, chaka chathunthu ndinali nditazisunga m'mimba. Chibale ndi fupa, sichiola. Aliyense wondiweruza ayambe waika mlongo wake m'manda, ndiye abwere tikambirane.

Anthu anga anasasa mawu ndi kukuwa. Ena anakwera pamabenchi, akuponya zibakera m'malere motsanzira. Dzanja la mwini filimu linatupa, ankaliviika mumkaka uja tikabweza. Wojambulitsa anabweranso akupukuta thukuta ndi thaulo lake, nkhope ili ngwee.

"Mayi, filimu yathu yayenda malonda. Kwathu anthu akuvina m'misewu. Olemba nyuzi akuti nkhani yake ndi yofooka, koma kagwedwe ka mnyamatayu sanakaonepo."

Ine ndinali kuyang'ana Zakeyu. Thupi lake linkabwerera lathunthu nthawi zonse, koma kumwetulira kunali kutasiya. Ng'oma zikangolira ankayamba kunjenjemera. Kenako anayamba kuphimba mutu mwini filimu asanatsike n'komwe panjinga. Ndinamuitana kuti ndimuuze za denga latsopano la kumudzi. Anatsitsa manja, anandiyang'ana.

"Achemwali, ndilankhuleko?"

"Lankhula, iwe."

"Tsiku lija pa depoti anandipha kamodzi. Ndinamva kuwawa, kunatha. Lero ndasiya kuwerenga."

"Ndikufuna ndikuone, Zakeyu. Ndilibe pena pokuonera."

"Ndikudziwa. Koma ndikupempheni, ilekeni filimu ipite."

"Ikapita ndiye kuti nawenso wapita."

"Eya. Amene safa ndi mwini filimu, achemwali. Ine ndine wa pamzere chabe."

Woyamba anali atauluka kale. Wachiwiri anaboola galasi la basi. Ndinaika rimoti pansi, ndinakhalira manja anga onse awiri, chifukwa chala changa ndimachidziwa. Sindinatsinzine. Ndinaona njerwa, ndinaona thabwa, ndinaona tcheni. Ulendo uno Zakeyu sanaphimbe mutu, anali kuyang'ana ine mpaka anagwa. Mwendo unaphiriphitha, unaleka.

"Bwezani, amayi! Bwezani!"

Ankandigwedeza mapewa, wina anandikoka duku, wina anandilavulira malovu kumsana. Ndinakhala nji. Kamera inatembenuka, nyimbo inayamba. Atsikana ovala nsalu zonyezimira anadzaza msewu akuvina, mwini filimu ali pakati pawo, ndipo ankadumpha Zakeyu osam'yang'ana. Msewu unayamba kusuntha pang'onopang'ono ndi ovinawo. Iye anatsalira m'mbali, anachepa, anachepa, kenako ndinangoona phazi lake, kenako fumbi lokha.

Ndinadzidzimuka nditagonera manja anga onse awiri. Anali atachita dzanzi, akubaya ngati singano, koma sindinawatulutse.